Zoluka zozungulira zikamakana kugona pansi

Loweruka lapitali alamu anga anatsika minibasi kuchokera ku Makawa atanyamula kajumbo, tisanamalize ndi kulonjerana komwe akhuthula kale zonse pa mkeka. Timati ta pa tebulo tinayi tomwe akhala akuluka kuyambira mwezi watha, koma kogona bwinobwino panalibe olo kamodzi. Tiwiri tinapindikira m'mwamba ngati nsengwa, kena m'mbali mwake munali mafunde ngati nyanja tsiku la mwera, kachinayi nde kanayesetsako koma kanatuluka ndi makona 6 pomwe iwo amafuna kozungulira ngati mwezi. Akuti "alamu, ine dzanja langa ndi loipa basi, zolukazi mwina si zanga, ndingowasiyira eni ake." Ndinaseka, osati kuwaseka iwo ayi, koma mawu amenewo ndi omwe ndinkayankhula ine chaka chomwe ndinalukira bambo a kunyumba mzuli woti avale pa Idi, nkutuluka chinthu chosongoka ngati chulu. Anangouvala kamodzi m'nyumba momwemo kuti ndisakhumudwe, kenaka unasowa mpaka lero sindinauonenso.

Vuto limeneli limabwerabwera chifukwa pafupifupi tinthu tonse timene timaluka ndi singano ya crochet pakhomo timayambira pa chozungulira, kaya ndi kamati koikapo flasiki, madoilo, chovindikira jagi kuti ntchentche zisagwere mu thobwa, kachipewa ka mwana, mzuli, kapena pansi pa kabasiketi kosungiramo mabatani. Pakatipo pakalakwika ndiye kuti chinthu chonse chapita. Ndipo timafulumira kunena ulusi, kunena singano, kunena dzanja, pomwe nthawi zambiri nkhani yake imakhala ya chiwerengero cha masitichi basi. Nde izi ndi zomwe tinakambirana ndi alamu anga pakhonde tsiku limenelo, tikumasula timati tija kamodzikamodzi.

Musanapange chilichonse chiikeni kaye pansi. Chikakhala m'manja kapena pamwendo chimanama, chimaoneka ngati chili bwino chifukwa zala zanu zikuchiwongola inu osadziwa. Chiikeni pa tebulo kapena pa simenti, osachikanikiza, chisiyeni chokha muone mmene chikhalire. Ine ndimatero laundi iliyonse, kutanthauza mzere wozungulira, kuyambira yachitatu, pakuti kumasula malaundi awiri sikuwawa, koma kumasula 12 kumafuna mtima, ndipo ambiri timangopitiriza tikudzinamiza kuti chiwongoka kutsogoloku. Sichiwongoka.

Chikapindikira m'mwamba ngati nsengwa

Apa masitichi achepa. Laundi iliyonse yatsopano imayenda mtunda wautali kuposa yam'mbuyo, nde mukapanda kuipatsa masitichi okwanira m'mbalimo mumafupika, ndipo poti mulibe kolowera mumangokwera m'mwamba. Mankhwala ake ndi kuwonjezera, kuja kolowa kawiri pa diso limodzi, masitichi awiri pamalo amodzi.

Mawerengedwe ake ndi awa. Ngati mukuluka sitichi yaifupi ija, imene pa YouTube amati single crochet, yambani ndi 6 pakati, laundi yachiwiri akhale 12, yachitatu 18, kenaka 24, 30, 36, kumangowonjezera 6 laundi iliyonse. Ngati ndi yapakatikati ija, half double, yambani ndi 8 nkumawonjezera 8. Ngati ndi yaitali, double crochet, yomwe mumayamba mwakulunga ulusi pa singano musanalowe, yambani ndi 12 nkumawonjezera 12, kutanthauza 12, 24, 36, 48, 60. Sikuti winawake anangolota manambalawa. Chinthu chozungulira chikakula pang'ono kuchokera pakati, m'mbali mwake mumatalika ka 6 ndi kachidutswa kuyerekeza ndi kakulidwe kameneko, nde poti sitichi yaifupi msinkhu wake ndi mulifupi mwake zimangofanana, imafuna 6, pomwe yaitali ija msinkhu wake ndi pafupifupi kawiri, ndichifukwa chake imafuna 12. Mukangogwira pamenepa olo pateni itasowa mutha kuluka nokha.

Kuti musasokonezeke, laundi yachiwiri mumalowa kawiri pa diso lililonse. Yachitatu, diso loyamba kamodzi, lachiwiri kawiri, choncho mpaka kuzungulira. Yachinayi, maso awiri kamodzikamodzi, lachitatu kawiri. Yachisanu, maso atatu kamodzikamodzi, lachinayi kawiri. Mpata wa pakati pa kuwonjezera umakula ndi diso limodzi laundi iliyonse. Alamu anga titawerenga kamati kawo koyamba, laundi yachisanu ya sitichi yaitali yoyenera kukhala ndi 60 inali ndi 49, akuti ankaluka akucheza ndi anzawo pa chigayo podikira kugayitsa. Ine sindiletsa kuluka pocheza, nanenso ndimatero, koma mukamaliza laundi tsekani kaye pakamwa muwerenge. Pitani kugombe mukaone asodzi akamasoka ukonde wong'ambika, nkhani zimakhala zili mkati koma maso a ukondewo amawawerenga, akaphonya limodzi chigamba chimakoka mbali imodzi. Ndi chimodzimodzi.

Pena mumawerenga nkupeza kuti nambala ndi yokwana ndithu koma chikupindikabe. Apo nde tingakambe za dzanja, koma osati kuti ndi loipa, langolimbitsa ulusi. Kuno kwathu izi zimachuluka mu Okutobala ndi Novembala dzuwa likafika poipa, m'manja mumatuluka thukuta, ulusi sutereranso pa chala, umamata, singano nkumalira kwiikwii polowa makamaka ikakhala ya pulasitiki, nde osadziwa mumayamba kukoka mwamphamvu. Mudzaona kuti chomwe munaluka m'mawa kusanatenthe ndi chomwe mwapitiriza masana sizifanana olo ali munthu mmodzi yemweyo. Sambani m'manja ndi sopo, pukutani mpaka muume, ndipo ngati mungathe lukani m'mawa kapena madzulo. Singano ya chitsulo imaterera bwino kuposa ya pulasitiki nyengo yotentha. Zikakanikabe kwezani singano ndi theka la milimita, amene anali pa 3.5 apite pa 4, wa pa 4 apite pa 4.5. Nambala imalembedwa pakati pa singano paja paphwatalala pogwira ndi chala chachikulu.

Chikachita mafunde m'mbali

Uku nde kusiyana ndi koyambako, masitichi achuluka, m'mbali mwatalika kuposa malo omwe alipo nde mukungopindikapindika. Ngati mafundewo ndi ochepa, angoyamba kumene, lukani laundi imodzi osawonjezera olo sitichi imodzi, kawirikawiri chimabwerera mwakale. Koma ngati chafika pooneka ngati tsamba la kabichi, masulani mpaka pa laundi yomaliza imene inagona, palibe njira ina.

Funso nkumati masitichi owonjezerawo akuchokera kuti pomwe inu mukutsata nambala. Malo oyamba kuwakayikira ndi polumikizira. Mukamaliza laundi mumalumikiza ndi slip stitch, kasitichi kongodutsitsa ulusi kotsekera laundi, eti? Kameneko mukazungulira nkufikanso pamenepo kamaoneka ngati diso lenileni, nde mumalowapo, laundi iliyonse sitichi imodzi yakuba. Chachiwiri ndi matcheni atatu oyambira laundi ya double. Mapateni ambiri amawawerenga ngati sitichi yoyamba, ndiye kuti mukaluka matcheni atatu mumangowonjezera 11 kuti akwane 12. Mukaiwala nkuluka 12 yathunthu pamwamba pa matcheniwo mwayamba ndi 13, ndipo poti laundi yachiwiri mumalowa kawiri paliponse, zimakhala 26 mmalo mwa 24, zikumangokula choncho. Mankhwala ake ndi chizindikiro. Sipafunika kugula timapulasitiki tija ayi, kapini ka thewera, kaphini ka m'mutu, olo kachidutswa ka ulusi wa mtundu wina, kolowetsani pa sitichi yoyamba ya laundi mukangoiluka, nkumakasuntha laundi iliyonse.

Koma chimene chinawagwetsa alamu anga pa kamati ka mafunde kaja ndi china, ndipo ichi chimapweteka anthu ambiri osadziwa. Mayina a masitichi alipo a mitundu iwiri, a ku America ndi a ku Britain, ndipo amagwiritsa mawu ofanana pa zinthu zosiyana. Sitichi yaifupi imene Amereka amati single crochet, ku Britain amaitchula double crochet. Yaitali imene Amereka amati double, ku Britain ndi treble. Tsono amayi athu ndi anganga ambiri amene anaphunzira kuluka kumipingo ndi m'magulu a amayi kalelo anaphunzira mayina a ku Britain, mapepala ambiri ochokera ku Joni nawonso amatsata omwewo, pomwe mavidiyo ambiri a pa foni ndi a ku America. Alamu anga anaphunzitsidwa ndi apongozi awo kuti double ndi sitichi yaifupi ija. Nde mwana wawo anawakopera pateni ya pa intaneti m'kope, yolembedwa kuti 12 double, onjezani 12 laundi iliyonse, iwo nkumaluka timasitichi tatifupi 12 pomwe tatifupito timafuna 6. Laundi yachinayi isanathe mafunde anali kale mbwee. Zikatembenuka, pateni ya ku Britain yonena 6 double inu nkuluka zazitali za ku America 6, mumapeza kachikho.

Kuzindikira kwake sikovuta. Yang'anani pateni yonse, mukapeza pena palembedwa single crochet kapena sc, imeneyo ndi ya ku America chifukwa a ku Britain alibe dzina limenelo. Mukapeza half treble kapena htr, ndi ya ku Britain. Zonsezi zikasowa onani nambala yoyambira pakati, akati double 6 akunena yaifupi, akati double 12 akunena yaitali. Pa vidiyo nde musamvere pakamwa pokha, onani manja, ngati akukulunga ulusi pa singano asanalowe ndiye kuti si yaifupi. Bandulo ikakhala yochepa ingoonerani malaundi awiri oyamba, otsalawo muwadziwa kale ndi mawerengedwe aja.

Za makona ndi bowo la pakati

Makona 6 aja sikulakwitsa kwenikweni, munthu amakhala watsata nambala bwinobwino. Chimachitika ndi choti malo owonjezera amasanjikizana pamwamba pa anzake laundi ndi laundi, nde pamatuluka ngodya. Zimaoneka kwambiri pa sitichi yaifupi chinthu chikadutsa malaundi 5 kapena 6. Ingosunthani poyambira. Mwachitsanzo laundi yachinayi mmalo moyamba ndi maso awiri kenaka kuwonjezera, yambani ndi diso limodzi, onjezani, kenaka pitirizani awiriawiri monga mwa nthawi zonse, kumapeto kutsala diso limodzi, akwanabe 24. Laundi ya nambala 6 yambani ndi awiri mmalo mwa anayi, kumapeto kutsala awiri, akwana 36. Muzitero laundi imodzi kudumpha imodzi. Ena amawakonda makonawo, pa kamati koikapo kapu amakongola ndithu, koma pa mzuli ayi.

Bowo la pakati limabwera mukayamba ndi matcheni ambiri nkuwalumikiza. Pa doilo palibe vuto, ndi kukongola komweko, koma pa chovindikira jagi ndi khomo la ntchentche, pa chipewa cha mwana mutu umaonekera. Kwa sitichi yaifupi lukani matcheni awiri okha, masitichi onse 6 alowe mu tcheni choyambacho. Njira ina ndi ija ya magic ring, mumakulunga ulusi pa zala nkulukira momwemo kenaka nkukoka mchira mpaka bowo litsekeke. Ndi yabwino koma ili ndi msampha wake, mukadula mchira pafupi imamasuka pochapa kachiwiri kapena kachitatu, ndipo chinthu chomasukira pakati kuchikonza kwake ndi mutu waukulu. Siyani mchira wa masentimita ngati 15, ulowetseni mu singano yosokera ya diso lalikulu, zungulirani nawo pansi pa masitichi oyambawo kamodzi, kenaka bwererani mbali inayo, apo nde mudule.

Chipewa nde nkhani yake ndi yokoma, chifukwa kupindika komwe takhala tikulimbana nako kuja apa nde timakufuna, kungoti kubwere pa nthawi yake. Mumaluka chozungulira chogona thyathyathya mpaka chifike kukula koyenera, kenaka nkusiya kuwonjezera, makoma amayamba kutsika okha. Mzuli wanga wa chulu uja ndinalakwitsa poti ndinkaopa kuti ukula kwambiri, nde kuyambira pachiyambi ndinkawonjezera pang'onopang'ono, laundi ina kuwonjezera ina osawonjezera, mapeto ake nsonga. Kuti mudziwe posiyira, tengani tepi ya atelala muyeze kuzungulira mutu pamwamba pa makutu, chotsanipo masentimita 2 kuti chizigwira, zotsalazo gawani ndi 3.14 pa foni. Mutu wa masentimita 56, kuchotsa 2 ndi 54, kugawa mupeza 17 ndi kachidutswa, ndiye kuti chozunguliracho chikafika masentimita 17 kuchokera mbali ina kudutsa pakati kufika mbali inayo, siyani kuwonjezera. Khanda lobadwa kumene mutu wake umakhala cha m'ma 35, nde pamwamba pa kachipewa kake pamangofuna masentimita 10 ndi theka. Ngati tepi palibe dulani chingwe chofanana ndi kuzungulira kwa mutu, chipindeni patatu, mbali imodziyo ndi muyezo wanu, mungowuchepetsa pang'ono. Ndipo pa zipewa za makanda chonde mikanda ndi mabatani ayi, zimathothoka nkupita kukamwa. Mikanda isungireni m'mbali mwa chovindikira jagi kuti mphepo isachiulutse.

Nthawi zina wolakwa amakhaladi ulusi

Ndisaukhululukire kwambiri ulusiwu. Ukatha pakati pa ntchito nkupita kumsika kukagula wina, olo mtundu ufanane, kunenepa kwake pena kumasiyana, nde pomwe mwalumikizapo chinthu chimayamba mafunde kapena kupindika inu simunasinthe kalikonse. Kuyesa kwake, kulungani ulusi wakalewo ka 10 pa pensulo moyandikana osafinya, kulungani watsopanowo ka 10 pambali pake, onani ngati atenga malo ofanana. Akasiyana kwambiri musawaphatikize pa chinthu chimodzi. Amene muli ndi abale ku Joni mukamawatuma ulusi auzeni agule wokwanira kamodzi, ndipo kapepala kozungulira ulusi kaja musamataye, pamalembedwa kunenepa kwake ndi singano yoyenera. Wolembedwa DK kapena double knit umayenda ndi singano ya 4, kaulusi kopyapyala ka thonje ka madoilo ndi mizuli kamafuna tisingano tachitsulo tating'ono ta 1.5 mpaka 2.

Ambiri a ife ulusi wathu ndi wa majuzi a kaunjika, ndipo palibe cholakwika, kuno juzi yokhuthala aivala ndani kupatula a ku Namwera mu Juni. Posankha itembenuzeni muone msoko wa m'mbali. Ngati m'mbalimo munadulidwa nkupititsidwa pa makina a ovaloko isiyeni, mukamasula muzingotola tizidutswa tatifupitifupi mzere uliwonse. Yabwino ndi ija yoti mbali zake ndi zathunthu zangolumikizidwa ndi kamsoko kooneka ngati tcheni. Kumasula kumayambira kumtunda, kukhosi kapena paphewa, kutsika mmunsi. Tsono ulusi womasulawo umatuluka wopotanapotana ngati tsitsi lomasula kumene, mukaulukira choncho masitichi amatuluka ena aakulu ena aang'ono ndipo chinthu chimadzasintha mukachichapa. Ukulungeni kaye kumsana kwa mpando, mangani malo anayi kuti usasokonezeke, uviikeni m'madzi kwa kanthawi, finyani pang'ono osapotokola, upachikeni pamthunzi mutakolekako kanthu kolemera pang'ono kumunsi ngati kapu. Ukauma umakhala wowongoka.

Ndipo dziwani kuti ndi ulusi wanji musanasankhe cholukira. Dulani kachidutswa, kagwireni ndi chopanira kapena pa nsonga ya mpeni, kayatseni ndi machesi panja madzi ali pafupi. Wa thonje umayaka ngati pepala nkusiya phulusa lofewa. Wa ubweya wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopsa, chotsala chake chimafumbutuka mukachitikita. Wa akiriliki, womwe ndi wochuluka kwambiri m'misika mwathu, umasungunuka nkusiya kampira kakuda kolimba, fungo lake la pulasitiki. Umenewu musalukire chogwirira poto kapena kamati kolandirira poto wochoka kumene pa mbaula, umasungunuka nkumata pachala. Za kukhitchini zonse zikhale za thonje, ndipo chogwirira poto lukani ziwiri ndi sitichi yaifupi yothinana nkuzilumikiza m'mbali, chopanda mabowo.

Pa nkhani ya akirilikiyi ndili ndi chilonda. Mayi ena anandipatsa oda ya timati 6 toti akapereke mphatso ku chinkhoswe cha mwana wa achemwali awo. Ndinaluka bwinobwino, koma tiwiri tinali ndi kamafunde pang'ono, nde usiku woti mawa abwera kudzatenga, magetsi atazima, ndinati ndingotisita ndi simbi ya makala tiwongoke. Kungoika kamodzi ndinamva fungo. Kukweza simbi, kamati kagona ndithu, koma kali nyezinyezi ngati jumbo, masitichi onse aphwatalala, kofewa ngati kasanza, pakati pali chidindo cha simbi. Akiriliki akapsa choncho sabwereranso. Ndinachezera usiku wonse ndi tochi ya foni kuluka kena, ulusi nkuperewera, laundi yomaliza ndinamalizira ndi mtundu wina nkumanamizira kuti ndi sitayilo, nde kuti tifanane ndinayenera kumasula laundi yomaliza ya tinzake tonse tisanu nkuikanso mtundu womwewo. Anatikonda, koma ine tsiku limenelo ndinalandira ndalama maso ali psuu.

Nde ngati kupindika kapena mafunde ndi apang'ono chabe ndipo chinthu mwamaliza kale, njira yake ndi madzi osati simbi. Chiviikeni m'madzi ozizira, chikulungeni mu thaulo nkuchikanikiza kuti madzi achoke, chiyaleni pa katoni kapena pa matiresi, chikokeni mofatsa mpaka chizungulire bwino nkuchibaya mapini m'mbali monse, chiume chili pomwepo pamthunzi. Thonje limamvera kwambiri njira imeneyi, akiriliki amangomvera pang'ono. Osachipachika pa chingwe chili chonyowa, kulemera kwa madzi kumachikoka nkukhala ngati dzira, ndipo dzuwa la kuno limadya mtundu msanga. Madoilo a thonje ofuna kuuma gwa, sungunulani kasupuni ka sitachi kapena ufa wosalala wa chinangwa m'madzi, wiritsani mpaka aoneke ngati kaphala kamadzimadzi, kakazizira viikanimo nkuyala ndi mapini chimodzimodzi. Ena amati madzi a shuga, zoona amaumitsa, koma kuno mukatero mwaitana nyerere ndi mphemvu pa tebulo.

Mwachidule ndikhudzeko za zinthu za makona anayi, monga kathumba ka foni kapena kansalu kotsukira mbale, chifukwa matenda ake ndi apachibale. Chikamachepa mukamakwera ndiye kuti mukudumpha sitichi yomaliza ya mzere, imabisala pambali makamaka ikakhala pamwamba pa matcheni otembenukira. Chikamakula mukulowa pansi pa matcheniwo pomwe awerengedwa kale ngati sitichi. Potembenuka, sitichi yaifupi imafuna tcheni chimodzi, yapakatikati awiri, yaitali atatu. Chikapindika ngati uta kumunsi kuli kothina, matcheni oyambira munawalimbitsa, yambaninso ndi singano yokulirapo pa matcheni okhawo kenaka mubwerere ku yanu. Ikani pini pa sitichi yoyamba ndi yomaliza ya mzere, basi.

Alamu anga tsiku lija tinamasula titatu. Ka makona kaja anakana, akuti kali bwino choncho aziikapo shuga. Ka mafunde tinayambira limodzi ndi sitichi yaitali, iwo akuluka ine ndikuwerenga mokweza, 12, 24, 36, mpaka mwana wanga wamng'ono anayamba kutiyeseza ali m'bafa. Pofika laundi yachisanu anakaika pa simenti, kanagona phee, iwo nkuyimirira kukayang'ana uku ndi uku ngati sakukhulupirira, kenaka akuti tiwerengenso mwina tangochita mwayi. Tinapeza 60. Anakwera minibasi ya madzulo ndi mipira itatu ya ulusi wopotanapotana ndi kapini ka thewera komwe ndinawabwereka. Dzulo anditumizira chithunzi pa WhatsApp, timati tiwiri tagona bwinobwino pa tebulo, koma pambali pake pali kachipewa ka mdzukulu wawo kooneka kuti kangakwane papaya, akuti tepi anaisowa nde anayezera pa mutu wa bambo ake a mwanayo.